Masiku asanu ndi awiri pamsewu ndi gitala

Tinanyamuka Lolemba kusanache. Tinali atatu: ine woyimba ndi gitala, mnzanga wa bezi, ndi mchemwali wathu wa ng'oma, yemwenso amagwira chiwongolero ine ndikatopa. Tilibe manijala kapena kampani yotiyimira. Woyimba mafoni kufunsa malo ndinali ine, wolemba mapangano ine, wokweza sipika m'galimoto inenso.

Kulongedza kuli ndi dongosolo lake. Zolemera zimakhala pansi, nthambo m'chikwama chawochawo, koma gitala siyipita kumbuyo, imakhala pambali panga. Thabwa limamva kutentha. Mukayisiya m'galimoto yotseka dzuwa likuswa mtengo, guluu amafewa, khosi limatha kupindika, ndiye kuti ulendo wathera pomwepo. Tsiku lonselo linathera pamsewu.

Lachiwiri ndiye tinayamba ntchito. Tinafika kutatsala maola atatu kuti zoyimba ziyambe, kuti tiyese kaye zida. Anthu amaganiza kuti kuyesa zida ndi kungonena mawu awiri pa maikolofoni basi, koma nyimbo zonse za usikuwo zimakoma kapena kuipa pa nthawi imeneyi. Ndimayenda ndi maikolofoni yangayanga, Shure SM58, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1966 ndipo mpaka lero oyimba sanausiye. Imamva bwino za kutsogolo kwake, za kumbuyo imazikana. Nchifukwa chake sipika yodzimverera woyimba imayenera kukhala kumbuyo kwenikweni kwa maikolofoni. Pamalo aja anali atayiika cham'mbali, ndipo titangokweza mawu panamveka kulira kuja kolasa m'makutu, mawu akuchoka m'sipika kulowanso m'maikolofoni mozungulirazungulira. Tinayisuntha pang'ono, phokoso zii.

Kenako gitala inakana kumveka. Ndinayamba ndi nthambo, poti kawirikawiri vuto limakhala pamenepo, koma zinali bwino. Kabokosi kanga ka DI, kolumikizira gitala ku mikisa (chida chosakanizira mawu), kamadya magetsi a 48 volts otchedwa phantom ochokera ku mikisayo, ndipo batani lake linali lisanadinidwe. Ndinapita kwa mkulu wa pamikisa nkunena chapansipansi kuti, "Achimwene, tandithandizani phantom pa nambala 3." Anadina, gitala inadzuka. Munthu wa pamikisa sindimukalipira, ngakhale atalakwitsa chotani. Mawu anga amadutsa m'manja mwake asanafike kwa anthu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala atagwira ntchito kuyambira m'mawa popanda wowathokoza.

Lachitatu sindinayankhule kwambiri. Anzangawa anazolowera. Chimene chimasasitsa mawu paulendo nthawi zambiri si kuyimba ayi, koma kucheza mokuwa m'phokoso tikatsika pa siteji, ndi kulimbana ndi mkokomo wa injini m'galimoto. Ndiye ndimamwa madzi, ndimakhala chete, ndipo ndisanakwere ndimatenthetsa mawu pang'onopang'ono kuyambira pansi. Nsambo ikaduka ndimasintha, koma pakhosi palibe chosinthira. Makutu nawonso chimodzimodzi. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa 85 decibels (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi 3 decibels nthawiyo imadulidwa pakati. Likafika 100, mphindi 15 zokha zakwana. Woyima pafupi ndi ng'oma amafika pamenepo mosavuta. Ndinayamba kuvala zotseka m'makutu mochedwa, khutu lakumanzere litayamba kale kulira usiku, ndipo oyimba achinyamata ndimawachonderera kuti asadikire zimenezo.

Lachinayi ndi tsiku limene landikhalabe mumtima. Malipiro a woyimba wodziyimira amabwera m'njira ziwiri: mwina mumapangana ndalama yokhazikika, kaya anthu abwere kaya asabwere, mwina mumagawana za pakhomo. Pamalo aja tinapangana yokhazikika, chifukwa mtunda unali wautali ndipo mafuta anali pa ife. Madzulo mvula inagwa, anthu anabwera owerengeka. Mipando inali mbee, moti ndinkatha kuona nkhope ya aliyense.

Mtima umafuna kufupikitsa, kuyimba mongothamangitsa kuti zithe. Sitinatero. Tinatsitsa zokuzira mawu, ndinawapempha anthuwo kuti asendere kutsogolo, tinayimba nyimbo zonse zimene tinakonza. Pa nyimbo yachinayi ndinamva mawu ena akundiperekeza. Anali mayi wina wachikulire pamzere woyamba, akuyimba mawu onse, ngakhale ndime ija imene ndinailemba bambo anga atangomwalira, imene sindinkaganiza kuti pali amene anaisunga. Ndinasiya kuyimba, ndinangogwira gitala, iwo anamaliza okha. Titatha anandigwira dzanja nati, "Mwanangu, nyimbo imeneyi inandisunga." Sindinawafunse kuti inawasunga pa chiyani.

Kenako kunabwera nkhani ya ndalama. Mwini malo anati poti anthu achepa, tingogawana za pakhomo. Zinandipweteka, chifukwa ife mbali yathu tinali titakwaniritsa. Ndinatulutsa foni nkumuonetsa uthenga umene iye mwini analemba. "Bambo, tinapangana izi. Mvula sitinaibweretse ndife." Tinakambirana nthawi yaitali, anzanga akudikira panja ndi katundu. Pomaliza anapereka, koma mosakondwa. Pangano la pakamwa ndinalisiya kalekale. Ngakhale ndi munthu amene timadziwana, ndimapempha kuti alembe tsiku, nthawi, ndalama ndiponso amene abweretse zida.

Lachisanu ndi Loweruka kunadzaza, anthu anavina mpaka thukuta kamukamu. Masiku oterewa ndikatsika sindipita kukapuma, ndimathamangira pa tebulo la malaya ndi ma CD, chifukwa ndalama ya pamenepo ndi imene imatifikitsa pamalo otsatira. Za pa intaneti sindiziwerengera kwenikweni. Kuyambira 2024, pa Spotify nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 siyibweretsa kanthu kwa amene anaijambula, ndipo zina mwa nyimbo zanga zimene ndimazikonda kwambiri zili m'gulu limenelo. Usiku uliwonse ndimalembanso mndandanda wa nyimbo zimene tayimba, kuti ndikaupereke ku bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo. Oyimba ambiri amaiwala, ndipo zawo zimangotayika.

Chovuta china ndi nthawi ya pakati pa usiku, nyimbo zitatha, thupi likadali moto koma m'chipinda muli zii. Kunyumba amakhala atagona. Mwana wanga anali atanditumizira mawu pafoni madzulo, akufunsa kuti ndibwera liti, ndipo ndinawamvera katatu ndisanagone.

Lamulungu tinabwerera. Panjira tinawerengera zonse: titachotsa mafuta, malo ogona ndi nsambo zatsopano, zotsala tinagawana patatu mofanana, monga timachitira nthawi zonse. Nditafika ndinatsitsa katundu, ndinapukuta gitala, ndinamunyamula mwana mpaka anagonera paphewa panga. Ndi dzanja linalo ndinayankha uthenga wa munthu wina wofunsa ngati tili ndi mpata mwezi wamawa, ndipo ndinamupempha kuti alembe tsiku ndi ndalama.