Zomwe kamunda ka m'madzi kandiphunzitsa

Ine ndinakulira kudimba, Agriculture ndinakhoza bwinobwino pa MSCE, ndiye pomwe ndimagula kamakina kolimira m'madzi aka, ka hydroponics, ndinkangoti palibe chachilendo chomwe kangandionetse. Kuno ku Luton, ku England, ndimakhala mu flat yam'mwamba, bwalo ndilibe, ndipo mu December 4 koloko ikamakwana kunja kwada kale, mbewu ya pawindo imangotalika yoondaonda ngati ikudwala. Kamakinako ndi kathanki ka malita 4, pamwamba mabowo oikamo timasiponji ta njere, mkati kapampu, kenako getsi la LED loyaka maola 16 n'kuzima lokha. Madzi akachepa foni imalira. U smart wake ndi umenewo basi, zinazo mutu ndi wako.

Ndinadzala basil, parsley ndi coriander. Basil sanachedwe, sabata isanathe anali atamera, ndipo ukapikitsa tsamba lake fungo ndi la mpungabwi weniweni, ndi pachibale ndithu. Parsley yekha anandidikiritsa masabata atatu mpaka ndinatsala pang'ono kutaya siponji yake.

Sukulu yeniyeni inayamba mwezi utatha, masamba a kunsonga atayamba chikasu. Ife kwathu chimanga chikachita chikasu sitifunsa, timathira urea, ndiye nanenso ndinangoonjezera chakudya cha mbewu cha m'mabotolo chomwe chimathiridwa m'madzimo kawiri konse, mapeto ake masamba anayamba kupsa m'mphepete koma chikasu chili pompo. Nditakhala pansi n'kuwerenga ndi pomwe ndinadziwa kuti chikasu chili pawiri. Nitrogen akasowa amayamba kuyezuka ndi masamba akale a m'munsi, chifukwa mbewu imasamutsa nitrogen wake kupititsa ku masamba atsopano. Iron sasamuka choncho, ndiye akasowa amadwala ndi masamba anthete a pamwamba, timitsempha take n'kutsala tobiriwira. Zanga zinali zachiwirizi. Ndipo chodabwitsa iron anali momwemo m'madzimo, kungoti mizu imakanika kumutenga chifukwa cha pH, muyeso wa kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi. Madzi a kuno amachokera m'miyala ya choko, ndi chifukwa chake ketulo imayera mkati ija, nditayeza ndi timapepala toyezera pH anali kufupi ndi 8 pomwe mbewu za m'madzi zimafuna pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ndinataya madzi onse, n'kuika ena, timadontho ta mankhwala otsitsa pH otchedwa pH Down pang'onopang'ono uku ndikuyeza, masamba omwe anatuluka pambuyo pake anabwera obiriwira. Achikasu aja sanachire, ndinangowadula.

pH yomweyo eti, yomwe tinkaloweza ku kalasi kuti tikhoze mayeso basi.

China chomwe chinandizunguza mutu ndi mizu. Chimanga cha kudambo madzi akadikha chimafa, nanga izi zikukhala bwanji m'madzi usana ndi usiku? Nkhani ndi mpweya. Madzi sapha muzu, chimapha ndi kubanika, ndipo ntchito ya kapampu kaja ndi kutakasa madzi kuti oxygen azilowa. Ine kaphokoso kake kankandisowetsa tulo ndiye ndinkakazimitsa usiku, komanso makinawo ndinawaika pafupi ndi radiator, chotenthetsera m'nyumba, osadziwa kuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa. Mizu ya coriander yomwe inali yoyera mbee inasanduka yabulauni, yoterera, kafungo ka m'ngalande. Ameneyo sanapulumuke. Mabowo opanda mbewu nawo ndinawasiya pululu, kuwala kukulowa, ndere zinangoti bii m'thanki monse mpaka ndinatseka ndi foil.

Basil ndiye wandipatsa ulemu. Ukamatsina nsonga pamwamba pa masamba awiri oyang'anana amatulutsa nthambi ziwiri, ndipo ukaona maluwa chotsa msanga. Pano ndikuchita kugawira anzanga a kutchalitchi.

Mchemwali wanga wa ku Dedza ataona zithunzi anati naye akufuna, koma magetsi ozimazima aja pampu ingamukhumudwitse. Ndinamuuza za njira ya Bernard Kratky wa ku University of Hawaii, yosafuna magetsi: chidebe chosalowa kuwala, mbewu pachivindikiro, madzi akamatsika pamatsala mpata wa mpweya womwe mizu ya m'mwamba imapumira, ndiye suyenera kudzadzanso mpaka pakamwa, ungamize mizuyo. Dzuwa kumeneko ndi laulere. Kenako anafunsa ngati angasungunule feteleza wa 23:21:0+4S wotsala kumunda uja, ndipo ndinayamba kulemba kuti eya, kenako ndinaima. Ziro ameneyo ndi potassium, mulibe. Calcium, magnesium ndi iron namonso mulibe. Zaka zonse zija timathira thumba limenelo chimanga n'kubereka, zotsalazo linkapereka ndi dothi mwakachetechete, ife n'kumatamanda feteleza. M'madzi zonse uyenera kuika wekha, n'chifukwa chake chakudya chake chimabwera m'mabotolo awiri, A ndi B, calcium kwina phosphate kwina, ukaziphatikiza zisanasungunuke m'madzi ambiri zimagwirana n'kukhala nsenga pansi.

Ndamuuza adikire kaye. Ndaika mpiru m'botolo la khofi lokutidwa ndi sokosi yakuda pansi pa getsi lomwelo, opanda pampu, lero ndi tsiku la 12 ndipo mizu ikadali yoyera.