Ku Flat Tops ndinkaopa chimbalangondo, koma wakuba anali m'tauni

Mnzanga wa kuntchito, mzungu wobadwira konkuno ku Colorado, anatha zaka ziwiri akundinyengerera kuti ndikaone mmene amasakira elk, nyama yaikulu yam'tchire ya nyanga zanthambi. Mu Okutobala ndinavomera, koma ndinaneneratu kuti mfuti sindigwira. Ndipotu ndikanafuna sizikanakhala zophweka, chifukwa kuno wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949 kawirikawiri samugulitsa chiphaso chosakira asanachite maphunziro a alenje. Ine yanga inali kusenza katundu ndi kusamala ma cooler box, mabokosi a ayezi osungiramo nyama.

Tinanyamuka ku Denver kusanache pa pikiapu yake, tikutsata msewu wa I-70. Polowa mu Eisenhower Tunnel, njira yoboola phiri yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, makutu anga anatsekeka. Pa tauni ya Rifle tinakhotera kumpoto pa Highway 13 mpaka ku Meeker, kenako n'kukwera motsata mtsinje wa White River kulowera kumapiri a Flat Tops.

Ma cooler box analipo atatu. Awiri anali a kampani ya Yeti, aja olemera ngakhale mulibe kanthu, limodzi lokha mtengo wake ndi madola mazanamazana. Tisanachoke panyumba, mnzangayo anatenga chingwe chachitsulo chokutidwa ndi pulasitiki, anachipisa m'kabowo ka m'mbali mwa bokosi lililonse, n'kuchizunguliza pa ngowe ya pikiapu, loko kwe! Pamakona a zivundikiro anaikanso maloko ena. Ine ndinaseka. Ndinati ku America kunonso anthu amaba mabokosi a ayezi? Iye anangoti maloko a pachivundikiro ndi a zimbalangondo, chingwecho ndi cha anthu.

Kuthengo kunali kuzizira kosasimbika. Tinkadzuka m'ma 4 koloko, madzi a m'botolo ataundana m'tenti momwe. Zovala za thonje anandiletsa, akuti zikanyowa ndi thukuta siziuma ndipo zimakulowetsa chisanu m'mafupa. Anandibwereka za ubweya wa nkhosa ndi majombo. Pamwamba pake timavala chovala cha olenji wowala ndi chipewa chake. Kwa mlenje wa mfuti limeneli ndi lamulo, kuti mnzake asamuyese nyama. Ine usiku uliwonse ndinkatchera khutu, kakhwasa pang'ono panja ndati chimbalangondo chabwera. Sichinabwere ngakhale tsiku limodzi.

Elk ndinayamba kuimva ndisanaione. Yamphongo inalira kutsidya kwa chigwa, mawu oonda ngati mluzu, kumapeto n'kudzuma. Chinyama chachikulu chotero kulira ngati chitoliro! Nditaiona pamagalasi oonera patali ndinakumbuka ngoma za ku Liwonde, koma iyi ndi yojintcha, yamphongo imafika makilogalamu 300 n'kupitirira, ndipo nyanga zake ndi zanthambi, zimagwa chaka chilichonse n'kumeranso zina.

Tsiku lachinayi mnzangayo anaombera imodzi. Apa m'pomwe ndinadziwira chomwe anandiitanira. Galimoto inali kutali, kuseri kwa phiri, ndipo lamulo la kuno sililola kusiya nyama yodyedwa m'tchire n'kungotenga nyanga. Tinaisenda pomwepo, tinadula miyendo inayi, n'kuchotsa nyama yofewa ya m'mbali mwa msana, zonse n'kuika m'matumba a nsalu opita mphepo. Ndinasenzapo matumba a chimanga kwathu, koma mwendo wam'mbuyo wa elk kumsana, ukukwera chitunda mu sinowo, mpweya ukuperewera m'chifuwa, ndi nkhani ina. Tinabwereza maulendo atatu. Nyama tinaipachika pamtengo usiku wonse kuti izizire isanalowe m'mabokosi, poti yofunda ukaitsekera imavunda.

Pobwerera tinaima pamalo ena omwetsera mafuta kuti tiwonjezere ayezi. Ine ndi amene ndinamasula chingwe, ndinakokera bokosi limodzi kumapeto kwa pikiapu, ndinathiramo ayezi n'kutseka chivundikiro. Njala inali itandipweteka, manja ali gwa ndi chisanu. Ndinati ndimanga ndikadya. Tinalowa mkati, tinagula khofi ndi mabanzi a nyama, mwina mphindi makumi awiri basi.

Potuluka tinapeza mabokosi awiri. Pomwe panali lachitatu panatsala chinyontho cha makona anayi, chingwe chili lende, loko ali chotsekula monga ndinamusiyira. Munthuyo sanavutike n'kudula kalikonse. Wogulitsa musitolomo anati kamera yawo sifika mbali imeneyo, anatero osakweza n'komwe mutu.

Mnzangayo sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anaima nji, manja m'chiuno, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti nyama ya kumsana ija ndinaiika m'bokosi liti. Inali mmomo. Ija yomwe anakhala akuitama ulendo wonse kuti tikaiotcha pa makala ndidzaiwala kanyenya wa kwathu.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Denver tinkangomvera wailesi. Sabata yotsatira ndinamugulira bokosi lina, ndalama inandiwawa, ndipo iye anabwera kwathu ndi nyama yogaya mapaketi khumi. Akazi anga anaiphika ndi tomato ndi anyezi, tinadyera nsima. Mafuta ilibe, imafunika kuthira ako. Ya kumsana sindinailawebe.