Zikomo kwa inu amene simunaoneke pabwalo

Tamaliza, abale anga. Sewero lathu la maukwati a ana talitsekera dzulo pa Golomoti. Mawu andithera, mwendo ukuwawa, koma tulo sitibwera ndisanathokoze. Nonse mukudziwa mmene zinayendera: thandizo lomwe tinalonjezedwa silinafike, anzathu ena anatisiya tili mkati mokonzekera, mvula inagwetsa chisakasa chomwe tinkaphunziriramo. Sindibwerezanso zimenezo. Mulungu yekha ndiye watiolotsa, ndipo watiolotsa kudzera mwa anthu.

Anthu aombera m'manja mtsikana wathu amene amasewera mwana wokwatiwitsidwa, ndipo n'zomuyenera, analiza bwalo lonse. Koma m'manja monsemo simunafike kwa iwo amene anali kuseri kwa zitenje. Amenewo ndi amene ndikufuna muwadziwe lero.

Ndiyambe ndi amayi athu a telala. Mayi, ine ndilibe chokubwezerani. Diresi laukwati lija munaliona, anasoka ndi iwo kuchokera ku katani yakale ya pabalaza pawo, pa makina opalasa ndi phazi, usiku atatseka ntchito za makasitomala. Tsiku loyesa ndinadandaula kuti lakula, manja akulendewera, m'munsi mukukokota pansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lisiyeni choncho achimwene, anthu aone kuti ndi mwana wavala za akulu." Pa Mtakataka mtsikana uja atangotulukira, amayi a kutsogolo anagwira pakamwa asanayankhule n'komwe. Zimene ine ndinalemba masamba ambiri kuti zimveke, diresi linanena lokha. Sanalandire ngakhale ya ulusi.

Zikomo anyamata a kabaza amene munkanyamula ng'oma ndi sipika dzuwa likuswa mtengo, mukudziwa kuti tsiku limenelo simupeza ya ndiwo. Zikomo agogo oimba ng'oma, simunajombepo. Zikomo aphunzitsi amene munatibwereka mabenchi, amayi a kutchalitchi amene munasonkha ufa ndi usipa, ndi kamnyamata kaja kankayenda m'midzi kukuwa kuti kuli sewero. Zikomo mafumu potipatsa mabwalo anu.

Ena mumafunsa kuti tikuvutikiranji popeza lamulo lilipo kale. Inde lilipo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, makolo alole asalole. Kuno kwa Kachindamoto tinaona ndi maso mfumu yathu ikuthetsa maukwati a ana n'kubwezera atsikana kusukulu. Koma lamulo silikhala pansi pa mtengo kukambirana ndi bambo amene walandira kale ndalama za mwana wake. Sewero limatero. Timaimitsa nkhani pakati n'kufunsa anthu kuti mtsikanayu atani, ndiye mkangano umayaka, amalume akutsutsana ndi anankungwi pamaso pa amfumu. Kuti zimenezo zitheke pamafunika wina wosesa bwalo, wotunga madzi, wogwira ana a osewera. Anthu odziperekawa alibe malipiro, ndipo tikawasiya osawathokoza pagulu amatopa mumtima, chaka chamawa sitiwaonanso.

Kwa inu amene funso lanu loyamba linali lakuti "alawansi ilipo?" ndipo mutamva kuti palibe foni zanu zinasiya kugwira, sindikusungirani mangawa. Ndangoona kuti zithunzi zathu mukuzigawa kwambiri m'mawa uno.

Ndibwererenso kwa amayi a telala, chifukwa mtima sukundilola. Tsiku lomwe mmodzi wa atsikana athu analetsedwa ndi makolo ake kuti masewero ndi uhule, ndi iwo amene anavala chitenje n'kupita kukagwada pakhomopo. Zomwe anakambirana akudziwa okha, koma mwanayo anabwera mawa lake, mayi ake akumuperekeza. Mwana wawo yemwe atadwala malungo, anagona naye kuchipatala, m'mawa n'kutumiza zovala zositasita pa njinga. Mayi, Ambuye akukumbukireni, adalitse manja anuwo, ndipo pakhomo panu pasasowe mchere.

Osewera anzanga, inu ndikuthokozani maso ndi maso, pano ndingalire. Loweruka tikumane masana tibweze mabenchi ndi mapoto a eni ake. Lamba wa makina a amayi anaduka sabata yathayi akusoka zathu zomwe, ndipo akhala akumanga ndi chingwe. Aliyense abwere ndi kangachepe, tiwagulire watsopano asanayambe kusoka mayunifolomu a teremu ikubwerayi.