Nkhani ya Osayankha

Popeza nkhaniyi yafika kale pamsika wa Ulónguè ndipo ena akuithira mchere, bola muimve kwa mwini wake. Sindinabe ndalama ine. Ndinangochedwa kubweza 1,500 meticais ya feteleza wa mbatatesi, basi.

Ndinabwereka pa kapulogalamu ka ngongole ka m'foni, kamene anandiponyera mnzanga pa Bluetooth, sikanachokere ku Play Store, sitolo ya mapulogalamu ya Google. Lero mudzi wonse ndi akatswiri. Mphwanga wophunzira ku Tete akuti mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu angongole kuona manambala ndi zithunzi za m'foni ya munthu, ndiponso kuyambira 2022 pulogalamu iliyonse ya ku Play Store imayenera kuulula zimene imatenga ndi kumene imazipereka. Nzeru zabwino ndithu, koma zinali kuti tsiku lija? Ine chimene ndinaona ndi chikalata cha Chipwitikizi chotalika ngati msewu wa ku Zóbuè, tizilembo ting'onoting'ono, uku feteleza akutha kusitolo. Kakufuna manambala, ine kudina Permitir, kutanthauza kulola. Zithunzi, Permitir. Kamera, Permitir. Kakanapempha mbuzi ndikanapereka ndi chingwe chomwe.

Tsiku lobweza litadutsa, kanatumiza uthenga kwa aliyense wa m'foni mwanga, pamodzi ndi chithunzi changa nditagwira chitupa patsaya, kukamwa yasa. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandipha n'chakuti kankatchula munthu aliyense ndi dzina limene ndinamusunga nalo. Wamakala analandira wakuti "Prezado Makala Onyowa". Akatekisiti, "Prezado Chopereka". Apongozi anga aakazi ndinawasunga kuti "Osayankha".

Anafika m'mamawa kuchokera ku Dómuè, osadwala, osatuma mawu. Anakhala pamphasa, miyendo tambalale, n'kuitana mdzukulu wawo kuti awerenge mokweza. Mwanayo kuwerenga wangoyamba kumene, ndiye anapita nalo pang'onopang'ono: "O… sa… yan… kha."

"Bwereza, sindinamve."

Anabwereza. Anamuuza abwerezenso, ati mphepo. Kunalibe mphepo, anzanga. Nkhuku zinasiya kutola. Mayi a kunyumba anaima ndi mthiko m'mwamba, phala likupserera. Mwana wanga yemwe, amene ndimamugulira makope, anafika pomaliimba dzinalo ndi kamayimbidwe, akuyang'ana agogo ake kuti amuyamikire.

"Bambo, Osayankha ameneyu ndani?"

"Amayi, n'chikumbutso chabe. Ndimati mukaimba ndisayankhe, ndiimbe ineyo, mungawononge ndalama zanu za m'foni."

Kunena zoona, yankho limeneli ndimalinyadira mpaka pano. Munthu wina aliyense akanakomoka.

"Oho. Ndiye munaimba liti?"

Ndinayang'ana nkhuku zija.

Ngongole ndinabweza ndi chiwongoladzanja chake, kapulogalamu ndinakafufuta, ngakhale mphwanga uja akuti manambala amene anakoperawo akadali nawobe eni ake. Apongozi tsopano ndi "Amayi Okondedwa", ndipo ndimayankha isanalire kawiri. Za dzina limene ndinasungira mayi a kunyumba musandifunse, nkhaniyo ikadali kwa ankhoswe.