Lipoti la ulendo wa oyimba kiyibodi a ku Zomba wokacheza ndi katswiri wa piyano ya jazz ku Blantyre

Gulu lathu la achinyamata oyimba kiyibodi m'makwaya a mipingo yosiyanasiyana ya mumzinda wa Zomba linagwirizana zopita ku Blantyre kukacheza ndi abambo ena achikulire amene alera banja lawo ndi kuphunzitsa ana awo onse poyimba piyano m'chamba cha jazz, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wolemba zimene tinaona ndi kumva kuti anzathu amene sanathe kupita nawo apindule. Funso limene linatiyendetsa ndi limene timafunsana nthawi zonse tikamaliza kuphunzira nyimbo za Lamulungu, loti kodi munthu angathe kukhala ndi moyo wolongosoka m'Malawi muno podalira zala zake pa chida chimenechi, kapena kuyimba kudzangokhala kothandiza ku mpingo basi.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa minibasi, kudzera pa Thondwe, pa Namadzi ndi pa Njuli, ndipo titatsika ku Limbe tinapeza chiperoni chitaphimba mapiri, kukuwaza kamvula kozizira. Abambowo anatilandira pakhomo pawo ndi tiyi, kenako anatilowetsa m'chipinda chimene amaphunzitsiramo ana.

M'chipindamo munali piyano yeniyeni yamatabwa, imene ambiri mwa ife tinali tisanaigwirepo chibadwire. Asanayimbe chilichonse, anachotsa thabwa lakutsogolo kuti tione m'kati. Piyano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo kumbuyo kwake kuli nsambo zachitsulo zoposa 200, chifukwa makiyi ambiri amakhala ndi nsambo zitatu zolira mawu amodzi. Ukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya wolimba kamamenya nsambozo n'kubwerera msanga, ndipo ukachotsa chala, kansalu kena kamazigwira kuti zisiye kulira. Anatisonyeza tinyundo tapakati, timene tinali ndi mizere yolowa m'kati chifukwa chomenya nsambo zaka zambiri, ndi kena kamodzi kamene njenjete zinadya mpaka anakamata okha. Anafotokoza kuti chinyezi cha dzinja chimafufumitsa thabwa lalikulu lakumbuyo limene limakuza mawu, pomwe kuuma kwa chilimwe kumalibweza, ndipo n'chifukwa chake piyano imasokonekera mawu nyengo ikasintha. Popeza anthu odziwa kuchuna piyano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, iwo anagula chitsulo chochunira n'kudziphunzitsa okha. Kiyibodi yamagetsi ndiyo amanyamula popita kuntchito, koma kuyeserera kwa tsiku ndi tsiku amachitira pa piyanoyo, chifukwa makiyi ake olemera amalimbitsa zala ndiponso salabada kuti magetsi azima.

Mbiri yawo inayambira kumene ifenso tinayambira, kutchalitchi. Ali mwana ankapopa limba lopondaponda ndi mapazi, ndipo anaphunzira kuwerenga nyimbo m'njira ya do re mi kwa mkulu wa kwaya. Jazz anaimva koyamba pa wailesi usiku, pa pulogalamu ya Voice of America imene Willis Conover anaiyendetsa kuyambira mu 1955 mpaka pamene anamwalira mu 1996. Atakula ankajambula nyimbozo pa kaseti, n'kumabweza tepi ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, kumvetsera kachigawo kamodzi mobwerezabwereza kufikira atapeza mawu ake onse pa makiyi. Pambuyo pake anakakhala zaka zingapo ku Johannesburg, akuyimba m'mabandi a anthu ena, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira marabi, chamba cha m'makomboni a ku South Africa chimene chimazungulira pa ma chord (mawu angapo odinidwa pamodzi) ochepa obwerezabwereza. Munthu amene amamutchula mwaulemu kwambiri ndi Abdullah Ibrahim, wobadwira ku Cape Town mu 1934, amene poyamba ankadziwika ndi dzina loti Dollar Brand. Iyeyu anakulira m'nyimbo za mpingo wa African Methodist Episcopal (AME), kumene agogo ake aakazi ankayimba piyano, anachoka kwawo mu 1962 chifukwa cha ulamuliro watsankho, ndipo mu 1963 Duke Ellington, katswiri wa jazz wa ku America, atamumva akuyimba ku Zurich anamuthandiza kujambula chimbale. Abambowo anatiuza zimenezi pofuna kuti tisadziderere chifukwa choti tinaphunzirira m'kwaya, popeza makutu amene anazolowera mawu anayi a nyimbo zamapemphero ali kale ndi maziko amene jazz imafuna.

Chimene chinatikhudza kwambiri chinachitika atapempha mmodzi wa ife kuti ayimbe nyimbo iliyonse ya m'buku imene amaidziwa bwino. Mnyamatayo anaiyimba mokoma mu kiyi (mlingo wa mawu a nyimbo) ya F, ndipo tonse tinaombera m'manja. Abambowo anayamikira, kenako anati: "Mwayimba bwino, mwana wanga. Tsopano tiyerekeze kuti mayi amene akutsogolera nyimbo mawu awo sakufika, ndiye muitsitse mupite mu E flat." Dzanja lamanzere la mnyamatayo linapita lokha pamwamba pa makiyi kukafufuza batani la transpose, losinthira kiyi ya nyimbo pa kiyibodi yamagetsi, limene pa piyano yamatabwa palibe. Palibe amene anaseka, chifukwa aliyense wa ife anadziwa kuti dzanja lake likanachitanso chimodzimodzi. "Pepani abambo, kiyi imeneyo sindinaiphunzire," anatero mnyamatayo. Iwo anakhala pambali pake n'kuyamba kuyimba nyimbo yomweyo, akuikweza pang'onopang'ono vesi ndi vesi mpaka atadutsa makiyi onse 12 a nyimbo, osaima ndiponso osayang'ana zala. Anati woyimba amene amadziwa kiyi imodzi amaitanidwa ndi anthu okhawo amene amamudziwa kale, koma amene amadziwa onse angathe kukhala pansi ndi woyimba aliyense, ngakhale amene wakumana naye tsiku lomwelo, ndipo ntchito zambiri zimabwera mwa njira imeneyi.

Kuchoka apo anatitengera ku dzanja lamanzere, limene ife timalizoloweza kumenya mawu a besi mwamphamvu ndi kudzaza paliponse. Iwo anatisonyeza kuti m'gulu la jazz mawu apansiwo ndi a woyimba besi, ndipo wa piyano akawalowerera zonse zimamveka phokoso losasiyanitsika. Anadina makiyi awiri okha, mawu achitatu ndi achisanu ndi chiwiri a chord, ndipo atasuntha chala chimodzi chokha kupita pa kiyi yoyandikana nayo, chord yonse inasintha. Anabwereza zimenezi kangapo, ife titazungulira piyano ndi kuweramira pa manja awo kuti tione kuti dzanjalo silikuyendayenda n'komwe. Anatiphunzitsanso kuwerenga chimango cha blues, chimene chili ndi zigawo 12 zimene oyimba amazitcha ma bar, ndi cha nyimbo zambiri zakale za ku America chimene chili ndi ma bar 32. Pamene woyimba sakisofoni kapena lipenga akupeka mawu ake pompopompo, chimangocho chimazungulirabe, ndipo wa piyano ndi amene amachisunga, kumuyankha mnzakeyo pamene wapuma ndi kukhala chete pamene akulankhula. Iwo anaziyerekeza ndi anthu awiri osinja mu mtondo umodzi, amene aliyense amatsitsa munsi wake pamene wa mnzake uli m'mwamba. Maganizo anga ndi oti phunziro limeneli likufunika m'makwaya athu kuposa kwina kulikonse, chifukwa kawirikawiri kiyibodi imakwirira mawu a oyimba mpaka mpingo sumva uthenga wa nyimbo.

Nkhani ya ndalama anaikamba mosabisa. Anatulutsa kope lachikuto cholimba limene amalembamo ntchito iliyonse, tsiku lake, malo, mtengo umene agwirizana ndi ndalama imene alandira, ndipo masamba ena anali ndi mayina ozunguliridwa ndi bolopeni yofiira, a anthu amene sanamalize kulipira. Jazz payokha siidyetsa munthu mu Blantyre, iwo anatero, koma luso limene imapereka ndilo limadyetsa. Pa sabata amayimba madzulo m'malo odyera a hotela, masana amaphunzitsa ana, nthawi zina amaitanidwa ku situdiyo kukaika piyano m'nyimbo za oyimba auzimu ndi ena, amalembera makwaya mawu anayi, ndipo m'miyezi ya chilimwe maukwati amawachulukira. Malangizo awo anali oti mtengo uzikambidwa chida chisanachoke pakhomo, gawo la ndalama lizilandiridwa ntchito isanayambe, ndipo amene wapeka nyimbo yakeyake akailembetse ku bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito zaluso ndi kutolera ndalama za eni ake. Anatikumbutsa kuti ngakhale akatswiri otchuka anadutsa m'nyengo zouma. Thelonious Monk, woyimba piyano ya jazz wa ku America, amene ali wachinyamata anayendapo ndi mlaliki akuyimba m'misonkhano, analandidwa chiphaso choyimbira m'malo ogulitsa mowa mumzinda wa New York mu 1951, ndipo sanachipezenso mpaka mu 1957.

Mtsikana wina wa m'gulu lathu anafunsa ngati ntchito imeneyi, yoyenda usiku, ili yotheka kwa munthu wamkazi. Abambowo anayankha kuti zovuta zilipo, makamaka mayendedwe obwerera kunyumba ndi malankhulidwe a anthu ena oledzera, koma anamuuza za Mary Lou Williams, wobadwa mu 1910, amene ankayimba piyano ndi kukonza nyimbo m'bandi ya Andy Kirk, analemberapo Benny Goodman ndi Duke Ellington, ndipo anamaliza moyo wake akuphunzitsa pa Duke University mpaka pamene anamwalira mu 1981. Anaonjeza kuti mwa ana amene amawaphunzitsa, atsikana ndi amene amalimbikira kwambiri kuyeserera.

Madzulo tinawatsatira kuntchito, kumene ankayimba ndi anzawo awiri, wa besi ndi wa ng'oma. Tinawathandiza kunyamula kiyibodi, choikapo chake ndi sipika, ndipo iwo anafika nthawi ikadalipo, n'kuyesa mawaya onse okha. Anthu ambiri ankadya ndi kucheza osalabadira nyimbo, chinthu chimene chinandipweteka mtima nditaganizira luso limene tinaona masana, koma atatuwo ankayimba mosamala ngati kuti aliyense akumvetsera. Ndinaona kuti sankalankhulana ndi pakamwa. Abambowo akadzutsa mutu pang'ono, wa besi ankadziwa kuti nthawi yake yakwana, ndipo akakweza dzanja lamanja, wa ng'oma ankadziwa kuti nyimbo ikutha. Mayi wina atabwera kudzapempha nyimbo yakwathu yachikale ya paukwati, iwo anamufunsa kuti aiyambe ndi pakamwa, ndipo asanamalize mzere woyamba anali atapeza kale kiyi imene mayiyo anayambira, anzawo awiri aja n'kulowa pambuyo pawo. Apa ndi pamene anthu anasiya kudya n'kutembenuka, ena n'kuyamba kuyimba nawo.

Tinagona kwa abale ndi anzathu ku Ndirande ndi ku Chilomoni, ndipo m'mawa mwake, tisanakwere minibasi yobwerera, tinakhala pansi n'kugwirizana zochita. Aliyense azisankha nyimbo imodzi ya m'buku n'kuiphunzira mu kiyi yatsopano mwezi uliwonse popanda kukhudza batani la transpose, ndipo tikakumana tiziyimbirana kuti tione amene wakwanitsa. Amene amayimba ndi wa besi m'kwaya yake ayambe kumusiyira mawu apansi. Tinapemphanso abambowo kuti adzabwere ku Zomba kudzaphunzitsa gulu lonse, ndipo iwo anavomera, atanena mtengo wawo wa tsikulo pamodzi ndi ndalama yoyendera. Msungichuma wathu ayamba kutolera zopereka za ulendowo pa msonkhano ukubwerawu.