Golide wopha tizilombo, koma osati wa mphete

Anthu akamva zoti golide amapha mabakiteriya amangoganiza za mphete ya chikwati, ayi ndithu, golide weniweni sachita kanthu m'thupi, mphamvu imabwera akamuphatikiza ndi makemikolo ena. Nkhaniyi ndi yakalekale, mu 1890 Robert Koch wa ku Germany anaona mu labu kuti gold cyanide imaletsa tizilombo ta TB kuchulukana, basi m'ma 1920 madokotala ku Europe anayamba kubaya odwala TB mankhwala agolide otchedwa Sanocrysin, anthu osachira koma impso kumaonongeka, mpaka anawasiya.

Chondisangalatsa ine ndi auranofin, mapilisi a nyamakazi okhala ndi golide omwe ku America anawavomereza mu 1985. Pano asayansi awatolanso poti maantibayotiki ambiri ayamba kugonja. Amatsekereza thioredoxin reductase, enzyme yomwe kachilombo kamadzitetezera nayo ku poizoni wa m'kati mwake, ndiye mu labu amapha MRSA (bakiteriya wosamva maantibayotiki ambiri), TB komanso amoeba woyambitsa kamwazi uja. Koma bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli amawavuta, ali ndi chikopa china kunja choti mankhwala salowa bwinobwino. Zambiri zikadali mu labu, musathamangire kufamase.