Mwezi wathunthu ndikujambula chipilala chimodzi ku Newtown

Kosi yathu yojambula zithunzi ija ya Loweruka lokhalokha ikupitirira, ndiye ndati ndilembeko za asayimenti yomwe tangomaliza chifukwa yandisintha mpaka kayendedwe mtauni muno. Aphunzitsi anati aliyense asankhe khoma limodzi la graffiti, zolembalemba ndi zojambula za penti zija za m'makoma a mtauni, azipitako sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu n'kumalijambula. Khoma lomwelomwelo, osasintha. Ambiri m'kalasi tinkaona ngati pakutha pa mwezi tidzangobwera ndi zithunzi zinayi zofanana.

Amene munakhalako ku Joni kuno mukudziwa mmene ife obwera timayendera. Mutu pansi, foni m'thumba lamkati, changu changu kuchoka pa takisi kukafika kuntchito, sufuna wina akuyang'ane kawiri kapena akufunse zachizulu iwe n'kuyankha lilime likukana, basi adziwe kuti ndiwe wakunja. Zaka zinayi ndakhala ndikudutsa mu Newtown choncho ndipo makoma ake ndinkangowaona ngati utoto wothimbirira m'mbali mwa diso. Ndiye kuima pamsewu, kutulutsa foni poyera, kuyang'ana m'mwamba kwa mphindi teni, sabata yoyamba mtima unkagunda kwambiri, ndinachita kupempha mnzanga wa m'kalasi kuti tipitire limodzi.

Ndinasankha chipilala chimodzi mwa zija zanyamula msewu wa M1, kufupi ndi Mary Fitzgerald Square ndi Market Theatre, sipatali kuchokera pa renki ya Bree. Zithunzi zanga zoyamba zinali zoyera bwino, mitundu yowala, ine ndinasangalala nazo. Aphunzitsi atayang'ana anangofunsa kuti, "apa mwajambula ntchito ya munthu wina, nanga yanu ili pati?" Zinandiwawa koma ananena zoona. Ndinangokopera chomwe wina anapenta. Pachithunzipo panalibe chosonyeza kuti pamwamba pakudutsa magalimoto, kuti pansi pali madzi a mvula, kuti anthu amagulitsa malonda pompo.

Sabata yachiwiri ndinabwerera m'mbuyo masitepe angapo. Ndinaphunzira kuti pansi pa mlatho masana kuwala kumavuta, kunja kumayera mbee pomwe chipilala chili mumdima, foni imasokonezeka, ndiye bola kupita m'mamawa dzuwa likulowa cham'mbali. Ndinaphunziranso kuima molunjika ndi khoma osapendeketsa foni, apo ayi chipilala chimaoneka ngati chikugwa, komanso kudikira. Kudikira ndiye kovuta, umaima mpaka munthu adutse pamalo pomwe ukufuna. Chithunzi chomwe chinakondedwa m'kalasi ndi cha mayi wina wowotcha chimanga utsi ukukwera kutsogolo kwa zilembo, ndinayamba ndawapempha, ndinagulanso chimanga chimodzi tisanayambe.

Koma chomwe chandigwira mtima kwenikweni ndi kuwerenga. Ine sindinkadziwa kuti zokhwatchakhwatcha zija ndi mayina. Amati tag, munthu amadzipatsa dzina n'kumalilemba mwachangu ndi sipuleyi kapena maka, mtundu umodzi, masekondi ochepa wathawa. Zilembo zonenepa zija za mitundu iwiri amati throw-up, ndipo zikuluzikulu zokongoletsedwa zotenga maola ambiri amati piece. Alinso ndi malamulo awo, piece itha kukwirira throw-up, throw-up itha kukwirira tag, koma kukalemba ka tag kako pamwamba pa piece ya mnzako ndiye kuputa nkhondo. Mural, chithunzi chachikulu chopentedwa pakhoma, ndi nkhani ina, nthawi zambiri mwini nyumba amavomereza kapena kulipira kumene, ngati Mandela wankhonya uja wa ku Maboneng ku Joni konkuno, wotalika nyumba zosanja khumi, yemwe Ricky Lee Gordon anapenta potengera chithunzi chomwe Bob Gosani anajambula m'zaka za m'ma 1950. Taonani, chithunzi cha kamera chinasanduka khoma, ife n'kumalijambulanso ndi kamera.

Tinawerenganso za mnyamata wa ku New York yemwe ankadzilemba TAKI 183. Taki linali dzina lake lachigiriki lachidule, 183 inali nambala ya msewu wakwawo, ndipo ankagwira ntchito yotumidwa kukasiya makalata, ndiye paliponse pomwe wafika ankasiya dzina. Mu 1971 nyuzi ya New York Times inalemba za iye, anyamata ena ambirimbiri n'kuyamba kutengera. Nkhani imeneyi ndinaiwerenga kawiri. Mesenjala, mwana wa anthu obwera, woti mumzinda waukulu chonchija palibe akanamufunsa dzina, iye n'kumalilemba pena paliponse. Ine amene ndimabisa ngakhale kalankhulidwe kanga m'takisi ndinamumvetsa kwambiri mnyamata ameneyu. Sindikunena kuti kulemba pa geti ya munthu n'kwabwino ayi, amene wagula penti ndi ndalama zake ali ndi chifukwa chokwiyira, koma tsopano ndikaona tag ndimadziwa kuti pali munthu anaima pomwe ndaima inepa, usiku, akuyang'ana uku ndi uku.

Sabata yachitatu ndinapeza pamunsi pa chipilala changa amatapo mapepala aja a asing'anga obweza wachikondi wothawa, ndi ka tag katsopano ka siliva, zilembo zitatu. Yachinayi mapepala anali atang'ambidwa, atachoka ndi penti yomwe, ndipo pamalo ong'ambikawo pankaoneka mtundu wobiriwira wakale wa chojambula china chomwe chinakwiriridwa kalekale. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chomwe aphunzitsi amalimbikira kuti chithunzi chilichonse tizilemba deti, msewu, ndi dzina la wopenta ngati lasainidwa pakona. Zomwe ndinajambula sabata yoyamba zina kulibenso, zatsala mufoni mwanga basi.

Zandikumbutsanso kumudzi. Kwathu makoma amalankhulanso, "Pano osakodza", mitu yometedwa bwino pa ma babashopu, golosale yopentedwa yofiira ya Airtel moyandikana ndi yobiriwira ya TNM, mayina a zipani otsala pa milatho chisankho chitapita kale. Anthu olemba zikwangwani ndi bulashi aja ali ndi luso ndithu ndipo sindinaonepo wina akuwajambulira ntchito yawo kuti isungike. Ndipo ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zomwe bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2006, ine wobadwira m'chigawo chapakati chomwecho sindinapiteko. Disembala ndikapita kunyumba ndikafikako, ndikayendanso mu Area 2 ku Lilongwe ndi foni m'manja.

Ka tag ka siliva kaja ndakapezanso kanayi tsopano. Pa Nelson Mandela Bridge polowera ku Braamfontein, pa chitseko cha shopu ina kufupi ndi renki, pa bini, ndiye dzulo m'mawa pa bokosi la magetsi mumsewu womwe ndimakwerera takisi. Sikanalipo Lachisanu. Ndinaima, ndinatulutsa foni anthu akuona, ndinajambula n'kulemba deti.